Waziri Atsogolera Mzere wa Mankhwala a Likodzo

MUTU WACHISANU

1. Alendo m'kalasi

Pa nyanja ya Chiuta panali chinthu chimodzi chimene anyamata ankanyadira, ngakhale kuti chinali choyenera kuwaopsa. Mnyamata akayamba kusinkhuka, mkodzo wake unkafiira chakumapeto. Anzake akaona madontho a magaziwo ankamuombera m'manja ndi kukuwa kuti, "Wakula! Walowa m'gulu la amuna!" Amene mkodzo wake unali woyera ankasekedwa kuti ndi khanda.

Kupusa kukakhala kwa munthu mmodzi kumaoneka msanga. Koma kukakhala kwa mudzi wonse kumatchedwa mwambo, ndipo palibe amene amakufunsa.

Waziri, mwana wa Che Ibrahimo, msodzi wodziwika padoko, anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ankaphunzira kalasi ya setima, yachisanu ndi chiwiri, ndipo ndiye anali shefi wa turuma, mtsogoleri wa ophunzira a m'kalasi mwake. Anyamata a kudoko, amene ankavuta aphunzitsi onse, ankamvera iye yekha. Waziri akakhala, iwo ankakhala. Akadzuka, ankadzuka. Nayenso mkodzo wake unali wofiira.

Tsiku lina masana, mphunzitsi wawo, a Porofesoro Vitorino, analowa m'kalasi ndi mayi wovala zoyera.

"Awa ndi a Infirimera Alzira, anamwino ochokera ku chipatala cha ku Insaca," anatero. "Mawa kuli kampanya, ntchito yomwetsa ana onse mankhwala a likodzo. Tcherani khutu."

Mayiwo anayang'ana anawo mmodzimmodzi asanayambe.

"Ana inu, sindifunsa kuti ndani akukodza magazi, chifukwa atsikana achita manyazi ndipo anyamata anyadira. Ndingokuuzani zimene ndaona. Kwa zaka zambiri ndinkakhala m'chipinda changa kudikira odwala. Akabwera mwana wokodza magazi, ndinkamupatsa mankhwala, ankachira, ankapita. Chaka chinacho, yemweyo wabweranso. Tsiku lina ndinadzifunsa kuti, kodi ana amenewa akuchokera kuti? Ndinapeza kuti a kumtunda ndi ochepa. Ambiri ndi a kuno kunyanja ndi a m'madambo a mpunga. Pamenepo ndinazindikira kuti ndinkakapa madzi m'bwato lobooka. Wodwala si mwana uyu kapena uyo ayi. Wodwala ndi Chiuta yense.

"Mwana wa likodzo akakodzera m'madzi amasiyamo mazira. Mazirawo amaswa tizilombo, ndipo tizilomboto timalowa mu nkhono zazing'ono za m'bango. M'menemo timachulukana, kenaka timatuluka ndi kuboola khungu la aliyense amene akusamba, kuchapa, kuwedza kapena kuwokera mpunga. Simumva kuwawa. Nchifukwa chake mawa sitisankha. Amwa aliyense, wa mkodzo wofiira ndi wa woyera yemwe. Mukamwa theka lokha, otsalawo abwezera mazira m'madzi, ndipo amene mwamwa mudwalanso msanga. Inu ana a asodzi mukudziwa kuti ukonde ukang'ambika pamalo amodzi, nsomba zimatulukira pomwepo.

"Chomaliza, ndipo musaiwale: idyani matabishu, chakudya cha m'mawa, musanabwere. Mankhwalawa ndi amphamvu. Pamimba yanjala amazunguza mutu ndi kupotokola m'mimba. Wosadya asamwe."

Umaru, mnyamata wamtali wokhala kumbuyo, anakweza dzanja mwaulesi.

"Nanga magaziwo akatha, amayi, tidziwika bwanji kuti ndife amuna?"

Kalasi yonse inaseka.

"Tambala wozingidwa nayenso amatuluka magazi, mwana wanga," anayankha a Alzira, "koma sindinamvepo kuti analira m'mawa mwake."

Kuseka kunatembenukira kwa Umaru, ndipo iye anasunga mkwiyo.

Poweruka, a Vitorino anagwira Waziri paphewa. "Shefi, mawa ukhale woyamba pamzere. Anzako onse ayang'ana iwe."

2. Chiletso

Waziri anapeza bambo ake pakhonde akusoka ukonde. Nkhani ya kampanya inali itafika kale padoko.

"Khala pansi," anatero Che Ibrahimo osakweza maso. "Undimvere bwino, chifukwa sindibwereza.

"Ine ndinabadwira pa nyanja ino. Ndinakodza magazi, atate anga anakodza magazi, ndipo onse amene umawaona padoko anadutsa momwemo. Lero kwabwera mayi wa nsapato zoyera kudzatiuza kuti madzi amene atilera ndiwo mdani wathu. Tinapempha mjigo kuti akazi athu aleke kutunga m'bango. Mpaka lero tikudikira. Chimene tapempha sichibwera, koma chimene sitinapemphe chadzibweretsa chokha, chaulere, mpaka pakhomo la sikola. Iwe ndiwe mwana wa msodzi. Ukudziwa kuti nyambo nayo ndi yaulere, koma m'kati mwake muli mbedza.

"Ku Entre Lagos anthu akunena poyera pamsika kuti mankhwala amenewa amaumitsa mbewu ya mwamuna. Akuti tachuluka. Ine ndili ndi ana aakazi anayi, wamwamuna ndiwe wekha. Kodi ndikulere, ndikuvinire jando, kenaka ndikupereke ndekha kuti akakufule ngati mbuzi? Mawa sukupita ku sikola. Ndikachoka ku mzikiti, tipita limodzi kukavuula ukonde."

"Koma Ababa, a Infirimera anati..."

"A Infirimera anakubala? Tamvera. Ukamwa zimenezo, usadzapondenso m'bwato langa, ndipo sikola yakoyo ithera pomwepo. Makaderno ako olembamo aja ndikolezera moto wowambira milamba. Ndatha."

Che Ibrahimo sanali munthu woipa. Ankakonda mwana wawo kuposa bwato ndi ukonde. Komanso dandaulo lawo la mjigo linali loona, pakuti madzi abwino ndi zimbudzi ndi mbali ya nkhondo yomweyo yolimbana ndi likodzo. Koma chikondi chikatsogoleredwa ndi mphekesera za pamsika chimatha kutsekera mwana m'nyumba imene ikupsa.

3. Mawu a wogona pamphasa

Kuseri kwa nyumba, pansi pa kachisakasa ka udzu, pankagona Che Husseini, mjomba wa Waziri, mlongo wa amayi ake. Anali atabwerako ku chipatala chachikulu cha ku Cuamba mvula isanathe, ndipo chibwerereni sanapondenso padoko. Pambali pawo pankakhala chitini chovundikira ndi kansanza.

Waziri anawapititsira madzi osamba m'manja. Iwo anamukodola kuti ayandikire.

"Ndamva zonse, mwana wa mlongo wanga. Khoma la bango silisunga mawu. Mlamu wanga ndi munthu wabwino, koma apa waphonya.

"Tandiyang'ana. Ine ndinali katswiri wosambira pa Chiuta. Ndinakodza magazi ndili wamng'ono kuposa iwe, ndipo ndinavina. Patapita zaka magaziwo analeka okha, ine n'kumati ndachira. Sindinadziwe kuti chiswe chikalowa mu nsichi sichichita phokoso. Lero kukodza kwa ine ndi nkhondo. Ndimaluma nsanza kuti alongo ako asamve kubuula. Madokotala anati chikhodzodzo chinaonongeka, ndipo ndi likodzo la paubwana. Anati, mukanabwera kale.

"Akuti mankhwalawo amaumitsa mbewu. Ine sindinamwepo ndi kamodzi komwe. Ndinakwatira kawiri. Ana anga ali kuti?"

Waziri anawerama. Anali asanamvepo mjomba wake akutchula nkhani imeneyo.

"Ganizira amuna a msinkhu wanga padoko paja. Ndi angati amene amachedwa kuthengo, n'kubwerako atatuwa nkhope? Timadwala mmodzimmodzi, aliyense kuseri kwa nyumba yake. Uyu akuti amulodza, uyo akuti ndi ukalamba. Palibe amene anatiika pamodzi ndi kufunsa kuti, bwanji onsewa ndi a doko limodzi? Mayi wabwera ku sikolayo wafunsa funso limenelo. Ndi funso limene likanandipulumutsa ine.

"Ndikanakhala ndi mphamvu, ndikanalankhula ndi atate ako ngati mwini mbumba. Koma mawu a munthu wogona pamphasa salemera. Sindikukutuma kuti unyoze amene anakubala, Mulungu andikhululukire. Ndikungokuuza kuti nkhaniyi si ya thupi lako lokha. Ukakana iwe, akana onse. Ndipo zaka zikubwerazo, kuseri kwa nyumba iliyonse padoko pano kudzakhala mphasa ngati iyi."

Madzulo amenewo Waziri anangotapa chakudya kawiri n'kusamba m'manja. Amayi ake anamuyang'ana n'kuchotsa mbale.

4. Mzere

M'bandakucha, Che Ibrahimo atangolowera ku mzikiti, Waziri anavala yunifolomu yake ndi kutulukira kuseri. Amayi ake anali asanakoleze moto. Waziri sanatenge kanthu m'manja. Anadutsa njira ya m'minda kuti asakumane ndi a padoko, ndipo anakabisala kuseri kwa makalasi mpaka anzake atayamba kufika.

Woyamba kumupeza anali Kondwelani, mnzake wa pabenchi, wa banja la alimi limene linabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Anali ndi chinangwa chophika chokulunga m'kansalu.

"Aise, milomo yayera chonchi bwanji? Wadya iwe? Tenga, amayi andipatsa chambiri."

Waziri anatambasula dzanja. Nthawi yomweyo Umaru anatulukira pa njinga ya bambo ake, gulu la anyamata a kudoko likumutsata.

"Taonani shefi wathu! Akupempha chinangwa kwa anthu a kumtunda! Kodi kwa Che Ibrahimo nsomba zatha?"

Dzanja la Waziri linabwerera m'thumba.

"Ndani akupempha? Ine ndadya mpunga wa mkute, ndakhuta. Ndimangoona ngati chapsa."

Kondwelani anamuyang'ana mokayika, koma anakulunganso chinangwa chake.

Pabwalo la sikola anali ataika tebulo, ndowa ya madzi a m'mjigo wa ku posito, kachipatala ka m'deralo, ndi makapu. Pambali pake a Vitorino anagwira ndodo yaitali yopaka mitundu, yoyezera msinkhu wa mwana kuti adziwe kuchuluka kwa mankhwala oyenera kumwa.

Umaru ataiona anafuula. "Mwaona? Akukuyezani nsanda muli moyo!"

Tiana ta makalasi oyamba tinayamba kulira. Anyamata a kudoko sanalowe pamzere. Anaunjikana kumphepete kwa bwalo, pamene pamayambira njira ya kunyanja, mwendo umodzi m'sikola, wina kunja. Maso awo onse anali pa Waziri.

A Alzira anakweza mawu. "Amene sanadye apatuke, akakhale pansi pa mtengo uwo. Otsala, mzere. Shefi ali kuti?"

Waziri anapita kutsogolo. Anaima pa ndodo ija, a Vitorino n'kutchula nambala. A Alzira anaika makomprimidu, mapiritsi oyera aakulu, m'dzanja lake, koma sanalisiye dzanjalo.

"Wadya matabishu, mwana wanga?"

Waziri anayang'ana mtengo uja, anayang'ananso anyamata a kumphepete. Akanapatuka, iwo sakanafunsa chifukwa. Akanangoona shefi wachoka pamzere mankhwala osamwa, ndipo bwalo likanatsala fumbi lokha. Komanso akanati sanadye, Umaru akanadziwa kuti wathawa kwawo ngati mbala.

"Ndadya, amayi."

Anaponya mankhwalawo m'kamwa. Anali owawa ngati ndulu ya nsomba. Anamwera madzi, anatembenukira kwa anzake, anayasamula ndi kutulutsa lilime kuti onse aone kuti wameza.

"Nanga inu mukudikira chiyani?" anafuula. "Kapena mukuopa kamwala kakang'ono aka?"

Mnyamata mmodzi anasuntha. Wina anamutsata. Posakhalitsa gulu lonse linali pamzere, akukankhana, akutsutsana za amene ali wamtali. Umaru yekha ndiye anatsala, atatsamira njinga yake.

Waziri anachita chinthu chachikulu tsiku limenelo, ndipo palibe angamulande. Koma anachimanga pamwamba pa bodza laling'ono. Akulu amati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mawu awiri okha, "sindinadye, amayi," akanamuchititsa manyazi kamphindi. Iye anaopa kamphindi kameneko.

5. Shefi wagwa

Anyamata a makalasi aakulu anali atamaliza kumwa, ndipo mzere wa atsikana unali utangoyamba. Waziri ankathandiza kutsuka makapu. Dzuwa linali litakwera.

Choyamba anamva ngati wina wamugwira matumbo ndi kuwapota monga apotera chingwe. Thukuta lozizira linatsika m'khosi. Anayesa kuimirira kuti apite kuseri asanaonedwe, koma makalasi, mtengo ndi mbendera zonse zinayamba kuyenda mozungulira. Anasanza madzi okhaokha. Kenaka anagwa cham'mbali pafupi ndi ndowa.

"Shefi wagwa!"

Umaru sanadikire kuti aone ngati mnzakeyo akupuma. Analumphira pa njinga ndi kupalasa kulowera kudoko, akukuwa njira yonse. "Amupha! Amupha mwana wa Che Ibrahimo!"

Mzere wa atsikana unabalalika. Anyamata ena amene anali atamwa kale anathamangira kuseri ndi kuyamba kupisa zala kukhosi kuti asanze. Aphunzitsi ankathamanga uku ndi uku, kugwira uyu, uyo wapulumuka.

A Alzira ndi Kondwelani ananyamula Waziri ndi kumugoneka pamthunzi. Mayiwo anamugwira pamkono, anamuyang'ana m'maso, anamupukuta nkhope.

"Waziri, ukundimva? Ndiyankhe zoona. Wadya chiyani lero?"

Waziri anayankha motsitsa mawu. "Palibe, amayi."

"Dzulo madzulo?"

"Pang'ono."

"Ndinadziwa ine!" anatero Kondwelani, uku akumasula kansalu kake. "Mpunga wa mkute wake uti? Idya, chitsiru iwe, usanatiphetse tonse."

A Alzira anapumira m'mwamba. Anathira shuga ndi kamchere m'kapu ya madzi ndi kumumwetsa pang'onopang'ono.

"Sufa, mwana wanga. Mankhwala akumenyana ndi nyongolotsi zambiri m'thupi lopanda chakudya. Pofika mawa udzakhala bwino. Koma tamvera chimene wachita. Ukanandiuza, ndikanakupatsa chinangwa ichi pamaso pa onse, tikanadikira pang'ono, ndipo ukanamwa uli woyamba ndithu. Sindinafunse funso lija kuti ndikuchititse manyazi. Pa ntchito ngati iyi, lamulo lililonse laling'ono limateteza anthu ambiri amene suwaona. Taona atsikana aja. Sanamwe. Tiana tija sitinamwe. Mawa ndiyenera kupita ku sikola ina, mkuja ku ina. Nkhani yako ikafikako ine ndisanafike, ndipo kumeneko sakanena kuti mwana anamwa asanadye. Akanena kuti mwana wafa. Zikatero, makolo atsekera ana m'nyumba, ndipo nkhono za m'bango zipitiriza ntchito yake chaka china chathunthu."

Misozi inatsika m'masaya mwa Waziri. Anatafuna chinangwa pang'onopang'ono.

A Vitorino anafika akupuma mwawefuwefu. "Amayi, kwerani mota yanu, njinga yamotoyo, muzipita. Anthu a padoko akakwiya samva Chipwitikizi, samva Chinyanja. Dzerani njira ya kumtunda."

"Ndikathawa, ndavomereza kuti ndapha," anayankha a Alzira. Atatero anatseka chitini cha mankhwala.

Chapatali, kunjira ya kunyanja, kunamveka phokoso la anthu ambiri ndi kulira kwa amayi.

6. Pamaso pa onse

Anatulukira pabwalo ngati madzi osefukira. Amuna ena anali ndi nkhafi m'manja, mabuluku akudontha madzi. Amayi anali atamanga zitenje m'chiuno monga amangira pamaliro. Patsogolo pa onse panali Che Ibrahimo, opanda chipewa, maso ofiira.

"Ali kuti mwana wanga? Mtembo wa mwana wanga uli kuti?"

Ena anali atazungulira kale njinga yamoto ija. Mmodzi anakankha tebulo, makapu n'kumwazika. A Vitorino anayesa kulankhula, koma mawu awo anamira m'phokosolo.

A Alzira anawerama pa Waziri. "Ine sandimvera. Akakupeza uli gone, zatha. Ungathe kuimirira?"

Waziri sanadziwe ngati angathe. Anagwira phewa la Kondwelani ndi kudzikoka. Dziko linapendekeka, kenaka linabwerera. Anachotsa dzanja paphewapo, pakuti anadziwa kuti ayenera kuoneka ataima yekha, ndipo anatuluka pamthunzi.

"Ababa! Ndili pano."

Phokoso linazima ngati moto wothiridwa madzi. Amayi ake anagwa pansi ndi maondo, akutchula dzina la Mulungu. Che Ibrahimo anaima chilili. Pankhope pawo panadutsa chimwemwe, ndipo mkwiyo unabwera pambuyo pake.

"Wamwa?"

"Ndamwa, Ababa."

"Ndiye zakugwetsa."

Apa mpamene panali povuta koposa. Anzake onse anali kumvetsera. Umaru anali pomwepo, kumbuyo kwa akuluakulu. Waziri anakweza mawu kuti onse amve.

"Chandigwetsa ndi njala. Ndinathawa kunyumba inu muli ku mzikiti, osadya. A Infirimera anatichenjeza dzulo kuti wosadya asamwe. Lero anandifunsa, ine ndinawanamiza. Kondwelani anandipatsa chinangwa, ndinakana chifukwa cha manyazi. Wolakwa ndine. Taonani anzangawa. Amwa onse, ndipo aima."

Anthu anayang'ana anyamatawo. Analidi chilili, ngakhale kuti ena anali atagwira pamimba, kaya chifukwa cha mankhwala, kaya mantha. Nkhafi zina zinatsika. Koma mawu anatuluka pakati pa gulu: "Amuphunzitsa zonena! Poizoni sagwira tsiku limodzi!"

A Alzira anapita patsogolo. "Bambo, mwana wanu..."

"Khalani chete, mayi." Che Ibrahimo anakweza dzanja. Anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali, kuyambira kumapazi mpaka kumutu, monga ayang'anira mitambo asanakankhe bwato.

"Za kundinyoza kwako tikakamba kunyumba. Zimenezo si za pabwalo." Kenaka anatembenukira kwa namwinoyo. "Inu mukuti mawa adzuka bwino. Chabwino. Lero mwana wina aliyense asamwenso. Mota yanuyi ikagona padoko, inu mugona kwa aphunzitsi. Mwanayu akadzuka wamphamvu, ine Ibrahimo ndibweretsa ndekha ana anga aakazi onse anayi, ndipo amuna awa abweretsa awo. Ndalumbira pamaso pa anthu. Koma akapanda kudzuka bwino..."

Sanamalize. Panalibe amene anafuna kuti amalize.

A Alzira anayang'ana a Vitorino, anayang'ana gulu lija, ndipo anatulutsa kiyi wa motayo m'thumba ndi kumupereka kwa Che Ibrahimo.

"Tiye," anatero Che Ibrahimo kwa Waziri. "Ukuti ndi njala chabe. Ndiye palibe wokunyamula. Tsogola, tikuone."

Anthu anapatuka ndi kumusiyira njira pakati. Kuchokera pa sikola kukafika padoko ndi mtunda wautali, wopanda mthunzi, ndipo dzuwa linali paliwombo. Waziri anaponda phazi loyamba, lachiwiri. Kumbuyo kwake kunali doko lonse, likuyenda mwakachetechete, likuwerenga mayendedwe a miyendo yake.

Asanatuluke n'komwe pabwalo la sikola, m'mimba munapotanso, mwamphamvu kuposa poyamba. Waziri analuma mano, anawongola msana, ndipo sanayerekeze kugwira pamimba.